Helikopita ya m'chipinda cha lendi

Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sakugwirika, ndipo fani ya kudenga nayo sinatsale. Ndiye ife amene malipiro amatithera mwezi usanafike pakati, tikadzimana nyama mpaka kukwanitsa kulowa m'shopu, timafuna ndalama yathu izioneka. Akatiikira ya mainchi 36 ndi ya mainchi 56, chala chimathamangira yaikuluyo. Kachipinda n'ka mamita atatu mbali zonse, koma mtima ukufuna helikopita. Ndikunena izi monga katswiri wodzikupiza ndi chikatoni, choncho mundimvere.

Fani imasankhidwa ndi tepi yoyezera, osati ndi maso a anansi. Chipinda cha mamita 3 kwa 3 chimakwana ndi ya mainchi 36 mpaka 42. Pabalaza pa mamita 4 kwa 5 pamafuna ya mainchi 48 kapena 52. Ya 56 ndi ya malo aakulu kuposa apo, chifukwa mapiko ake akatambasuka amatenga pafupifupi mita ndi theka. Mapikowo azikhala mamita osachepera 2.1 kuchokera pansi, nsonga zake zitalikirane ndi khoma masentimita 45 kapena kuposa. Tsono taganizirani nyumba za alandilodi athu, zimene njerwa zinathera panjira. Helikopita ikanyamuka m'menemo, kalendala imasamuka pakhoma, neti ya udzudzu imakulungidwa m'mwamba, ndipo bambo wamtali akakweza manja povula malaya ndiye kuti wapatsana moni ndi woyendetsa ndege.

Wina anena kuti yaikulu ungathe kuichepetsa liwiro. N'zoona, ndipo ikamazungulira pang'onopang'ono sisokosa. Koma batani limachepetsa liwiro lokha, silifupikitsa mapiko kapena kukankha khoma, ndipo mapiko oyandikana ndi khoma amasowa pokokera mpweya. Winanso ati bola yaing'ono, mayunitsi adula. Ameneyo aiwala kuti mafani ambiri a kudenga amadya mawati pakati pa 50 ndi 75 basi, kotero chopulumutsacho n'chochepa. Kafani kakang'ono pabalaza lalikulu kamaziziritsa dazi la mwini nyumba yekha, alendo ali chonyowa pampando. Onse awiriwa adziwenso kuti fani siziziritsa chipinda, imangoumitsa thukuta pakhungu. Kuisiya ikuzungulira inu muli kumsika n'kulipirira ndege yopanda okwera. Ndipo ngati nyumba ilibe siling'i, helikopitayo imakutsitsirani moto wonse wa malata pamutu.

Masamu onsewa ali ndi vuto limodzi: amafuna magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo ndege zonse, za mainchi 36 ndi za 56, zinatera pamodzi. Izi n'za ife amwayi, pakuti Amalawi ambiri mpaka lero alibe n'komwe waya wa magetsi pakhomo. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene Okutobala ndi Novembala amapyola madigiri 40, mwana wodwala malungo amakupizidwa ndi chitenje cha mayi ake usiku wonse. Pamenepo palibe choseketsa, ndipo oyendetsa dziko achite manyazi.

Inu ogula, yezani chipinda musanapite kushopu, mugule yokwana. Chikatoni chimene yabweramo musataye, mudzachifuna.