Unkhoswe Wanga Pakati pa Nsomba ndi Mkeka

Ine, amene ndidabadwira pamchenga wa ku Nkhotakota, amene ndidayamba kununkha usipa ndisanadziwe kuyenda, ndiponso amene agogo anga adakalambira m'bwato monga ena amakalambira pakhonde, sindidalotepo kuti kansomba kolingana ndi chala changa chamkombaphala kadzandivula ulemu m'dziko la eni. Koma chakudza sichiimba ng'oma, ndipo tsikulo lidandipeza ku Durban, kumene ndimatchetcha kapinga, kutsuka galimoto ndi kugwira zina zonse zimene wapaulendo amagwira kuti a kumudzi aone ndalama pafoni.

Abwana anga ali ndi thanki yagalasi pabalaza, yotalika ngati bokosi la maliro a munthu wamkulu, ndipo amaisamala koposa mmene ine ndidasamalira mkazi wanga chaka choyamba cha ukwati. Mchere amachita kuyeza, magalamu 35 pa lita iliyonse, monga madzi a nyanja yaikulu alili. Kutentha kwake sikuchoka pa madigiri 25 kapena 26. Ndipo pamwamba pake pamayaka nyale zowala ngati dzuwa la mwezi wa October. Tsiku limene adandifunsa ngati ndingathe kuiyang'anira iwo akachokapo, ndidaseka chapansipansi, ndi kuwakumbutsa mwaulemu kuti mbuna za m'nyanja yathu zimakwera ndege kunka ku matanki a ku Ulaya, pamene ine mwini nyanjayo ndidabwera pabasi. Sindidawauze kuti nsomba zonse zimene ndidazidziwa pamoyo wanga ndidazidziwira pamoto.

M'thankimo munkakhala tinsomba tiwiri tofiirira ngati lalanje, tamizere itatu yoyera, timene abwana amati ocellaris, koma ana onse amangoti Nemo chitulukire kanema uja mu 2003. Kakakulu ndidakatcha Mayi, kakang'ono Bambo, pakuti ngakhale wakhungu akadazindikira amene ankalamula pakhomopo. Tsono atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wa masabata atatu wa ku Cape Town, abwana adabwera ndi chinthu chobiriwira, chophwatalala ngati mbale yansima, chokhala ndi tizala tosawerengeka pamwamba pake ngati ubweya wa kapeti, nachikhazika pamchenga mwaulemu waukulu. Adati dzina lake ndi anemone, wogulitsa adawatsimikizira kuti ndi wa mtundu wa gigantea, ndipo mtengo wake sadaunene. Koma ndidaona lisiti, ndipo ndidakhala pansi. Ine ndidangochitcha Mkeka.

Ngakhale chimaoneka ngati duwa, Mkeka ndi nyama, ndipo khomo lili limodzi lokha pakati pake, lolowera chakudya ndi lotulukiranso zotsala, nkhani imene sindidzaitambasula pamaso pa akuluakulu. M'thupi mwake mumakhala ndere zazing'ono zimene zimachiphikira chakudya ndi kuwala, ndicho chifukwa cha nyale zija. Tizala take tili ndi mbola zimene zimapha nsomba. Koma Nemo, pokhala wodzola ntchofu yoterera ngati therere, amagona pakati pa mbolazo osapsa, nalipira lendi mwa kuthamangitsa adani a mwini nyumba ndi kumgwetsera nyenyeswa. Nditamva zimenezi ndidati mumtima: ichi ndi chikamwini chenicheni, ndipo za chikamwini palibe mzungu angandiphunzitse, pakuti ndidakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri, ndikulima munda wa apongozi.

Koma taonani, abwana atachoka, akamwini anga adakana kulowa m'nyumba. Mkeka udayalidwa pamenepo mu ulemerero wake wonse, iwo nkumakagona kuseri kwa pampu, pakona yamdima, monga ana obadwira m'tauni amene ukawaonetsa nyumba ya makolo awo amafunsa kumene kuli soketi. Ndipo kunena zoona adali obadwira m'thanki, nyanja sadaionepo. Pamenepo mzimu wa unkhoswe udandigwera. Poyamba ndidayesa uphungu wofatsa: ndidadula chithunzi cha Nemo ali mu anemone m'magazini ya abwana, ndi kuchimata pagalasi kuti aone mmene anzawo olongosoka amakhalira. Adachiyang'ana masiku atatu, nabwerera kupampu.

Tsiku lachinayi ndidaganiza zosunthira nyumbayo pafupi ndi eni ake, ndipo ndidapisa dzanja langa lamanja m'madzi, lopanda gulovu, pakuti mwana wa msodzi savala gulovu. Abale anga, amene mudakhudzapo chitedze mukudziwa theka chabe la zimene ndidamva. Tizala tija tidandimata ngati ulimbo, moti pochotsa dzanja tina tidathothoka nkutsalira pakhungu langa; ndipo ndisanamalize kuitana dzina la mayi anga, Mkeka wonse udadzikwinya ndi kumira mumchenga, osasiya ngakhale chizindikiro. Ndidaima pamenepo, dzanja likuyaka, ndikuwerengera miyezi imene ndidzagwira ntchito yopanda malipiro, kufikira madzulo pamene udatulukanso pang'onopang'ono ngati mfiti yobwera ku maliro a munthu amene idamudya.

Munthu wanzeru akadalekera pomwepo. Ine ndidatenga kaukonde, ndidawakola Mayi, ndi kuwatula pakati penipeni pa Mkeka, monga ankhoswe amaperekera mkwatibwi. Mkeka udapinda m'mphepete mwake mwachifatse, monga mayi amafunditsira khanda. Mmawa mwake ndidapeza timinga toyera pamchenga, Bambo ali yekha kuseri kwa pampu, akundiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala kufikira kumanda.

Apo ndipo ndidatsegula buku limene abwana adandisiyira patebulo, lolembedwa ndi Daphne Fautin ndi Gerald Allen mu 1992, limene kwa masiku onsewo ndinkaikapo kapu ya tiyi. Indetu safunsa adadya phula. M'menemo ndidaphunzira kuti mwa mitundu ya anemone yoposa chikwi, khumi yokha ndiyo imalandira akamwini, ndi kuti mwa khumiyo mikeka ilipo itatu, yosiyana mfunda ngati Aphiri ndi Abanda. Gigantea, amene abwana ankayesa kuti agula, ali ndi tizala totalikirapo tosongoka timene timanjenjemera kosalekeza, nkhope yake ndi yamakwinya akuya, ndipo pathunthu pake pali njerewere zooneka bwino, zabuluu kapena zofiirira. Mertensii, wamkulu wa onse, amene amatha kupitirira mita m'lifupi, sakonda mchenga, amayala nkhope yake pathanthwe, njerewere zake ndi zalalanje kapena zofiira, ndipo sagwira dzanja ngati ulimbo. Ameneyu amasunganso allardi, Nemo wa gombe lathu lino kuchokera ku Kenya kufikira kuno ku Durban. Mwa mikeka itatuyi, gigantea ndi mertensii ndiwo ocellaris amawadziwa kwawo ku nyanja za Indonesia ndi Philippines.

Ndidatenga tochi, ndidagwada pamaso pa galasi monga sindidagwadepo chiyambire Pasaka, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tizala ta Mkeka wathu tidali tatifupi, tothinana, tosanjenjemera konse. Thunthu lake lidali lotuwa, njerewere zosaoneka. Ndipo m'mphepete mwa nkhope mudazungulira mzere wa tizala toyera totalikirapo. Kumata kuja, ndi kumira mumchenga kuja, zimene ndidaziyesa ufiti, bukulo lidazilemba monga zizindikiro za wachitatu, haddoni, amene akamwini ake achibadwa ndi ena, monga polymnus, sebae ndi clarkii uja wosasankha, amene amalowa m'nyumba zonse khumi. Dzinalo lidaperekedwa mu 1893 polemekeza Alfred Haddon, amene adanka ku Torres Strait mu 1888 kukafufuza zamoyo za m'nyanja, koma pambuyo pake adatembenukira ku kuphunzira miyambo ya anthu. Ndipo ine, poyang'ana dzanja langa lotupa, sindimudzudzula. Ngakhale mkamwini woyenera saponyedwa m'nyumba: amayamba wadzikhudzitsa pang'ono, nathawa, nabweranso, kwa maola kapena masiku, kufikira mwini nyumba atamzolowera. Ine ndidachita zimenezo kwa apongozi anga miyezi isanu ndi umodzi, koma Mayi sindidawapatse ngakhale mphindi.

Abwana atabwera adamvetsera nkhani yonse ali chete, nayang'ana dzanja langa, nayang'ana Mkeka, napita kukalankhula ndi wogulitsa uja pafoni mawu amene sali m'buku la nyimbo. Kenaka adagula kansomba kena kakang'ono kwambiri, ndipo nditawafunsa ngati kali kakakazi, adaseka koyamba tsiku limenelo. Pakati pa nsomba zimenezi, adatero, palibe amabadwa wamkazi: wamkulu pakhomo ndiye amakhala mayi, ndipo mayi akamwalira, bambo amanenepa nasanduka mayi.

Papita miyezi inayi tsopano. Bambo uja wakula, wayamba kulusa, amathamangitsa kamnyamata katsopanoko kuchoka pachakudya, ndipo mmawa uliwonse ndikapisa dzanja, tsopano lovala gulovu yofika m'chigongono, amadza kudzandiluma pamkono. Ndimampatsa moni kuti, “Mwadzuka bwanji, Mayi?” Onse awiri akugonabe kuseri kwa pampu.