Khoswe wakwera kudenga

Chiyambire kuzizira kwa mwezi wa June, mita ya magetsi m'makomo ambiri yayamba kulira mwezi usanafike pakati. Ikangoti tswii, bwalo la milandu limakhala pompo. Woweruza ndi bambo. Oimbidwa mlandu ndi omwe aja a masiku onse: mwana amene wasiya babu la kubafa likuyaka, ndi mdzukulu amene foni yake sichoka pa tchaja.

Makolo ankati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kale ndinkayesa kuti za khoswezi zinatha pamene mikhate inasowa m'nyumba za m'tauni. Ayi ndithu. Khoswe uja anangosamuka. Tsopano amakhala kudenga, ndipo dzina lake ndi giza.

Tiyeni tiwerengere, pepala ndi cholembera zikwanira. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 atayaka kwa ola lathunthu. Chipangizo chilichonse chili ndi mawati ake olembedwa kunsi kapena kumbuyo. Chulukitsani nambalayo ndi maola amene chimayaka, mugawe ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. Mukafuna ndalama, chulukitsaninso ndi mtengo wa yunitsi umene uli pa lisiti lanu.

Babu la LED la mawati 9, likamayaka maola asanu usiku uliwonse, pamwezi silifika ngakhale yunitsi imodzi ndi theka. Foni kuitchaja tsiku lililonse mwezi wonse, mwina theka la yunitsi. Nanga giza? Kutenthetsa madzi okwana malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7. Kamodzi kokha! Babu lija kuti lidye zomwezo liyenera kuyaka usiku uliwonse kwa miyezi isanu. Ndiye kuti mwana wakalipiridwa kuyambira June mpaka October chifukwa cha madzi a tsiku limodzi, amene woweruza mlandu wasamba akuimba nyimbo ya kwaya.

Koma ndani angaloze chala kudenga? Mukagenda giza mwagenda bambo. Mukagenda hotipuleti, imene yakhala ikuwiritsa nyemba zosaviika kwa maola atatu pa mawati 1,000 kapena kuposa, mwagenda ndiwo zamadzulo, ndipo mugona ndi njala. Ayironi nayo ili ndi abale ake: malaya a kutchalitchi sangapite okwinyika. Otsala opanda mbale ndi babu ndi tchaja, n'chifukwa chake ndodo imagwera iwo. Bambo amayenda chipinda ndi chipinda kuzimitsa magetsi, nyumba yonse mdima bii, ana akupunthwa pamipando, kwinaku kudenga khoswe akutafuna mwakachetechete.

Kumene nkhaniyi imasiya kuseketsa ndi pa mapuloti a lendi, pamene mabanja anayi kapena asanu amagawana mita imodzi. Mwezi ukatha amati aliyense asonkhe mofanana. Mayi wa chipinda chakumapeto, amene ali ndi mababu awiri ndi wailesi, amasonkha chimodzimodzi ndi mphwake wa landilodi amene ali ndi hita, ketulo ndi filiji. Onse pamenepo amadziwa kumene mayunitsi akupita. Palibe amene amayankhula, poti mkhate wake ndi nyumba imene akugonamo.

Inu a landilodi, kuwerengera kuja sikutenga ngakhale theka la ola. Lowani nyumba iliyonse, kuyambira ya mphwanu, mutembenuze zipangizo muone mawati, aliyense alipire zimene amadya. Ndipo inu bambo, musanakalipire mwana usiku uno, pitani kaye pa switchi ya giza.