Walira Mphaka Walira Zikhadabo

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu. Amene anayamba kunena mwambi umenewu ndikhulupirira anali mlimi amene anaterereka panjira ya kumunda, khasu uko, iye uku. Za sofa sanaziganizepo. Komabe usiku wina msuweni wanga wa ku America atandiimbira pa WhatsApp kudandaula za mphaka, mwambi womwewu ndi umene unandifikira m'mutu.

Mwana wake wamkazi analirira mphaka chaka chathunthu mpaka bambo anagonja. Anakatenga kamphaka kotuwa, nkukapatsa dzina loti Bwana. Miyezi itatu isanakwane, Bwana anali atasaina kale dzina lake pa sofa yachikopa imene msuweni wanga akuilipirabe mwezi ndi mwezi. Anatembenuza kamera kuti ndidzionere ndekha. Mizere yake inali yowongoka ngati m'munda wa mlangizi, thonje likusuzumira pakona.

"Asuweni, kuno akuti amachotsa zikhadabo," anatero. "Kaopaleshoni kakang'ono basi. Mphaka atsala, zikhadabo zipita."

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Mvula itsale, matope apite! Koma sindingamunene kwambiri, chifukwa masiku ano malonda ambiri akuyendera lonjezo lomweli. Kuli khofi wosachotsa tulo, zakumwa zotsekemera zopanda shuga, mphesa zopanda njere, ngakhale mowa wosaledzeretsa. Ena akusakasaka ukwati wopanda apongozi, kungoti fakitale yake sinatsegulidwe. Munthu ukazolowera zotere umayamba kuona mphaka ngati katundu woti ungamubweze kushopu kuti akachotseko mbali imene sikukusangalatsa.

Chimene chimapusitsa anthu ndi dzina la opaleshoniyo. Ukamva zoti kuchotsa zikhadabo umakumbukira lezala la Lamulungu madzulo, tikuwenga zala poopa aphunzitsi amene ankatiyendera m'manja Lolemba m'mawa. Za mphaka sizili choncho. Chikhadabo chake chimamera kuchokera m'fupa lomaliza la chala, ndiye kuti chisamerenso, dokotala amadula fupa lonselo pamfundo, mitsempha yake ndi zonse. Ena amadula ndi mpeni wa opaleshoni, ena ndi kachitsulo kopana, ena ndi laser, koma chochotsedwa ndi chimodzimodzi. Tambasulani dzanja lanu, muyang'ane mfundo yomaliza ya chala chilichonse, pamunsi pa chikhadabo. Ndi pamenepo. Mphaka ali ndi zikhadabo 18, zisanu phazi lililonse lakutsogolo ndi zinayi lililonse lakumbuyo, ndipo kawirikawiri amadula 10 zakutsogolozo. Kaopaleshoni kakang'ono ka msuweni wanga ndi kudula ziwalo kakhumi tsiku limodzi.

Tsono inu mutadulidwa zala zam'manja, bola mungayendebe. Mphaka amayendera zala. Chidendene chake chimakhala m'mwamba, thupi lonse latsamira pa nsonga zomwezo zimene zadulidwa. Akadzuka kuchipatala ayenera kuponda pamabala, ndipo akapola amayenda mosintha, kulemera kwa thupi kukugwera pamene sikunayenere kugwera.

Mu 2017 magazini ya madokotala a ziweto yotchedwa Journal of Feline Medicine and Surgery inatulutsa kafukufuku wa Dr Nicole Martell-Moran ndi anzake. Anayerekeza amphaka 137 odulidwa ndi ena 137 osadulidwa. Atawajambula pa X-ray, anapeza kuti mwa odulidwawo, 63 pa 100 alionse anali ndi tizidutswa ta fupa totsalira m'zala, ngati kamwala mu nsapato yoti sungaivule moyo wako wonse. Mpata woti apezeke ndi ululu wa msana unali wowirikiza pafupifupi katatu. Woti aziluma anthu, kupitirira kanayi. Woti azidzithandiza pamalo osayenera, kasanu ndi kawiri.

Apa ndi pamene mwambi uja umabwerera kudzatenga ngongole yake. Mphaka wa m'nyumba za ku America sapita kutchire. Amamugulira bokosi lothiramo timiyala tonga mchenga, momwe amafukula, kudzithandiza, nkukwirira mwaulemu wake. Zala zikamapweteka pofukula, iye saganiza za dokotala. Amaona kuti mdani wake ndi bokosilo, ndiye amayamba kusaka pofewa. Nanga pofewa m'nyumba ndi pati? Pakapeti, pabedi, pa zovala zochapa kale, ndi pa sofa yomwe ija munkaiteteza. Sofa yokandidwa mungaiphimbe ndi chitenje, alendo nkukhalapo osadziwa kanthu. Sofa yokodzeredwa ndi mphaka alendo amaidziwa asanaodire nkomwe.

Za kuluma nazo sizodabwitsa. Mphaka wa zikhadabo zake akatopa nanu amayamba wachenjeza ndi kambama kamodzi. Womulanda zikhadabo watsala ndi mano okha, ndipo mano a mphaka ndi osongoka ngati singano, amalowetsa tizilombo mkati mwenimweni mwa mnofu. Bala lake limatupa msanga kuposa la kukanda. Makolo amene anadulitsa mphaka poopa kuti angakande mwana amapezeka ali pamzere kuchipatala ndi mwana wolumidwa.

Ndinayesa kumufotokozera msuweni wanga kuti Bwana alibe naye chifukwa. Mphaka amakanda kuti asende khungwa lakale la chikhadabo, kuti adziwongole msana ndi mapewa akadzuka, komanso kuti asiye fungo lochokera m'mapazi mwake. Ndi njira yake yolembera pakhoma kuti malo ano sakugulitsidwa. Inu mukuti sofa ndi yanu chifukwa muli ndi lisiti. Iye akuti ndi yake chifukwa anaidinda.

Maiko ambiri anaiona kale nkhaniyi. Pangano la maiko a ku Ulaya loteteza ziweto zapakhomo la 1987 limakana opaleshoniyi, ku Britain lamulo la Animal Welfare Act la 2006 limailetsa pokhapokha pali matenda, ndipo Israel inailetsa mu 2011. Ku America mzinda wa West Hollywood unayamba mu 2003, koma chigawo choyamba kuletsa chinali New York mu 2019, bwanamkubwa Andrew Cuomo atasaina lamulo lake, kenako Maryland mu 2022. Tangoganizani. Dziko limene linatumiza munthu kumwezi mu 1969 linafunika zaka zina 50 kuti chigawo chake chimodzi chivomereze kuti mphaka amazifuna zala zake.

Malemu agogo anga akanamva zimenezi akanaganiza kuti ndikuwanamiza. Kwa iwo chona anali wantchito, ndipo zikhadabo zinali makalata ake ofunsira ntchito. Chona wopanda zikhadabo pankhokwe ndi mlonda wopanda chibonga. Makoswe angamuike wapampando wa komiti ya phwando.

"Ndiye nditani, asuweni? Ndiigulitse sofa?"

Ndinamuuza zimene madokotala a ziweto amalangiza: aziwenga nsonga zokha pakapita masabata angapo, osafika pofiira pamene pali magazi, ndipo agule mtengo wokandira, wautali ndi wolimba, auimike pafupi ndi sofa. Kulinso timapulasitiki tovalika ku zikhadabo, ngati ali ndi mtima woleza ndi manja osaopa. Atafufuza mtengowo pa intaneti anandiimbiranso akuseka yekha. Chingwe chokulungira mtengo wodulawo ndi khonje, khonje lomwe lija tinkapota tili ana kumangira mbuzi.

Anagula ndithu. Patatha sabata ananditumizira chithunzi. Sofa yavala chitenje chimene mayi ake anamupatsa potsanzikana. Mtengo wa khonje waima pakona, watsopano, wosakhudzidwa ngakhale pang'ono. Bwana wagona chagada m'katoni imene mtengowo unabweramo, mapazi m'mwamba, zikhadabo zonse 18 zili m'malo mwake.

Katoniyo ndi imene akuikanda tsopano, ndipo nthawi imene anasankha ndi 3 koloko mbandakucha. Msuweni wanga akuti phokoso lake lili ngati munthu akupala nsomba pansi pa bedi, moti masiku ano sakugona bwino. Anandifunsa ngati ndili ndi nzeru ina. Ine ndinangomufunsa ngati kumeneko mvula yayamba.