Ngongole ya Nsapato za Mpira

WOLENGEZA: Pa Chitakale, m'boma la Mulanje, mabanja a a Namakhwa ndi a Muhiwa amalekanitsidwa ndi mpanda wa nkhadze, ndipo mkangano wawo wagona pa K30,000 imene a Muhiwa anakongoza a Namakhwa kuti mwana wa a Namakhwawo, wosewera mpira pa koleji ina, agulire nsapato.

(Tambala alira, khasu ligunda mwala.)

A MUHIWA: A Namakhwa akumbukire kuti ngongole, kutanthauza ndalama imene munthu amalandira atalonjeza kubweza, siisanduka mphatso chifukwa choti dzinja ladutsa kawiri.

A NAMAKHWA: A Muhiwa nawonso adziwe kuti woyenera kubweza ndi koleji, pakuti mnyamatayo amathamanga mphindi 90 atavala dzina la sukuluyo pachifuwa. Ku America, bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewero a m'makoleji, linalola mu July 2021 kuti ophunzira azipeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo, ndipo mu 2025 khoti linavomereza kuti koleji izigawira osewera ake madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka.

A MUHIWA: Nkhope ya mnyamatayo, imene inatengera bambo ake, palibe kampani ingaiike ngakhale pa thumba la feteleza. Kuonjezera apo, a ku America akugawana ndalama zimene makampani a kanema amalipira kuti aonetse masewerowo, pamene masewero a mwana wa a Namakhwa amaoneredwa ulere ndi anzake, ogulitsa nzimbe ndi mbuzi ziwiri. Ngakhale Mzuni, timu ya yunivesite ya Mzuzu imene inafika mu ligi yaikulu ya dziko lino, inasanduka Mzuzu Warriors, ndipo palibe anamvapo kuti yalemeretsa munthu.

A NAMAKHWA: Komatu wothyola tiyi amalipidwa pa kilogalamu, ndipo amtengatenga a m'phiri, akapambana mpikisano wawo wothamanga woyambira pa Likhubula, amapatsidwa mphoto, nanga thukuta la wophunzira lokha ndilo madzi a mumtsinje wa Ruo?

A MUHIWA: Tiyi amagulitsidwa ku Limbe, mwini ndalama akudziwa zimenezo, koma chigoli cha pa koleji sichinakwerepo sikelo. Tsono popeza koleji ilibe choti igawe, nsapatozo zibwere kuno ngati chikole, chimene ndi katundu wosungidwa ndi wokongoza mpaka ngongole itatha.

(Chitseko chilira, pepala la pulasitiki lichita phokoso.)

A MUHIWA: Ha! Zaka ziwiri, koma nsapatozi zikadali ndi pepala la mtengo, ndipo kunsi kwake kulibe ndi dothi lomwe!

A NAMAKHWA: A Muhiwa asakweze mawu, amayi a mnyamatayo ali pamtondo. Mphunzitsi wa timu anaona kuti luso lotere n'losafunika kuliwononga msanga, choncho mnyamatayo amakhala pa benchi.

A MUHIWA: Nanga mphindi 90 zija amathamangira kuti?

A NAMAKHWA: Amathamangira madzi a anzake.