Zipolopolo zotchipa zimene zandisaukitsa

Masamu ake anali osavuta, ndipo ndinawalemba kuseri kwa risiti ya magetsi kuti akunyumba adzionere okha. Chipolopolo cha mfuti yosakira nyama chili ndi zinthu zinayi: chigoba cha mkuwa, primer amene amayatsa moto, wonga, ndi mutu umene umauluka kukabaya nyama. Ukawombera, zitatu zimatha ntchito koma chigoba chimatsala, chonsecho pa zinayizo chodula kwambiri nthawi zambiri n'chigobacho. Ndiye munthu wanzeru angachitayirenji? Amachitola, n'kuchitsuka, n'kuikamo primer wina, wonga wina, mutu wina, basi chipolopolo chabadwanso. Chigoba chimodzi chimabwerera kangapo chisanang'aluke.

"Ndiye tizipulumutsa zingati?" anafunsa akunyumba.

"Theka, mwinanso kuposa."

"Theka la chiyani, abambo? Inuyo pachaka mumawombera nswala zingati?"

Ndinawauza kuti nkhani za mfuti n'zovuta kuzimvetsa, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukagula makina opangira zipolopolo.

Ndinene msanga, achibale a ku Dedza asanayambe kuimbirana foni: mfuti ndili nayo mwalamulo. Timakhala ku Pretoria, ndipo kuno ku Joni lamulo la mfuti la chaka cha 2000, Firearms Control Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004, silicheza ndi munthu. Ngati sindiwe nzika ndipo ulibe mapepala okhazikika kuno, usayambe n'komwe. Ukakhala nawo umaphunzira, umalemba mayeso, apolisi amakupatsa chikalata chakuti ndiwe woyenera, umagula sefa n'kuikhomerera kukhoma, kenako umadikira laisensi mpaka kuiwala kuti unapempha. Yanga ndi .308 Winchester, mtundu umene unatuluka mu 1952 ndipo ndi wofala pakati pa alenje kuno. Lamulo lomwelo limalola mwini laisensi kudzipangira zipolopolo za mfuti yakeyo, zake zokha osati zamalonda, ndipo limaika malire: zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha ngati bungwe la alenje linakuvomereza kuti ulenje ndi moyo wako. Anthu ena ziwerengerozi amaziwerenga ngati malire. Ine ndinaziwerenga ngati chiwerengero chimene boma likuyembekeza kuti ndikwanitse.

Matenda odzipangira zipolopolowa anandipatsira ndi mnzanga wa kuntchito, Mbunu wandevu amene ankanditenga kupita ku famu ina ku Limpopo m'miyezi yozizira, nthawi imene anthu kuno amasaka nyama yopangira biltong. Tsiku lina anaona bokosi langa la zipolopolo za m'sitolo, n'kupukusa mutu mwachisoni. Anati zimenezo amazipanga kuti zilowe mumfuti ya aliyense, choncho palibe mfuti imene zimagwirizana nayo kwenikweni. Munthu wodziwa, anatero, amafufuza yekha chimene mpope wa mfuti yake umakonda. Zakuti n'zotchipa anangozitchula podutsa. Ine ndinatola zotchipazo chifukwa ndi zimene ndikanatha kulowa nazo m'nyumba.

Chimene sanandiuze n'chakuti makinawo ali ndi abale ambiri, ndipo onse amabwera kudzakhala. Makina otsindirawo, amene ogulitsa amati press, paokha sachita kanthu. Amafuna ma die awiri: ina yobwezeretsa chigoba mumsinkhu wake ndi kuchotsa primer wakupsa, ina yokhazika mutu watsopano. Amafuna kogwirira chigoba kunsi, mafuta odzoza, sikelo, kathabwa ka mabowo koimikapo zigoba, ndi buku la miyeso. Chigoba chimatalika pang'ono nthawi iliyonse chikawomberedwa ndi kutsindidwa, ndipo cha .308 sichiyenera kupitirira mamilimita 51.18, ndiye pamafunika choyezera utali, chodulira, ndi china chosalazira pamene wadulapo. Makinawo ndinawamanga patebulo limene ana ankalemberapo ntchito ya kusukulu. Nditakoka chogwirira mwamphamvu, m'mphepete mwa tebulo munathyoka. Ndinakhoma benchi m'galaja, benchi inafuna getsi, getsi linafuna waya, ndipo ana anafuna tebulo lina.

Ndinapezanso kuti anthu a ntchitoyi ali ndi matimu awo, ndipo amadziwika ndi utoto. Makina a RCBS, kampani imene Fred Huntington anayambitsa ku Oroville, California, mu 1943, ndi obiriwira. A Lee ndi a Hornady ndi ofiira, a Dillon ndi abuluu. Wofiira ndi wabuluu akakumana amakangana ngati Maule ndi Manoma pa Kamuzu Stadium. Ine ndinagula ofiira otchipa, ndipo pasanathe mwezi ndinali nditayamba kale kuwaikira kumbuyo pamaso pa anthu amene anayamba ntchitoyi ine ndili kupulaimale.

Chimene sindinauzepo aliyense kumudzi ndi ichi. Zigoba zimatsukidwa mumphika wamagetsi umene umanjenjemera kwa maola angapo, ndipo mumphikamo mumathiridwa timibulu tokhula mkuwa kuti uwale. Ndinagula thumba la timibuluto ndi ma rand anga enieni, ndinafika nalo kunyumba monyadira, ndipo akunyumba atatapa pang'ono n'kununkhiza anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, izi si zitsononkho izi?"

Zinali zitsononkho za chimanga, zogayidwa, zochokera kutsidya kwa nyanja. Mwana wa mlimi wa ku Dedza, amene anakula akusonkhera moto zitsononkho, ndi kuzigwiritsanso ntchito ina imene sitiitchula pagulu, anakaima pamzere kugula zitsononkho za ku America.

Pofuna kubweza ndalama zimenezi ndinasanduka wotolatola. Kumalo ophunzirira kuwombera anzanga ankayang'ana chandamale, ine maso pansi, kufunafuna mkuwa m'fumbi. Tsiku lina ndinadzaza thumba ndi zigoba zakale za asilikali za 7.62, zimene msinkhu wake ndi wofanana ndi .308, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. Choyamba chenicheni chinathyola kansingano ka mu die. Safunsa anadya phula. Ma primer alipo a mitundu iwiri. Wa Boxer, chigoba chake chili ndi bowo limodzi pakati, pamene kansingano kamadutsa n'kukankha primer wakupsa. Wa Berdan, chigoba chake chili ndi timabowo tiwiri m'mbali ndipo pakati n'pogontha, ndiye kansingano kamagunda mkuwa. Zambiri za asilikali zakale ndi za Berdan. Chodabwitsa n'chakuti Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain koma njira yake inakakhazikika ku America, pamene Hiram Berdan anali wa ku America koma yake inafala ku Ulaya. Mbiri imeneyi ndinaifotokoza patebulo la chakudya mwatsatanetsatane, ndipo akunyumba anangofunsa mtengo wa kansingano.

Za mafuta odzoza nazo zili ndi mwambo wake. Ukachulutsa, phewa la chigoba limatuluka lopindikapindika. Ukaiwala, chigoba chimakanirira mu die osatulukanso, ndipo pali chipangizo chapadera chochizulira, chimene ndili nacho tsopano pa zifukwa zodziwikiratu. Ndinayesanso kutsuka zigoba ndi madzi n'kuziumitsa mu uvuni pathireyi yophikira masikono. Mlandu umenewo unakambidwa Lamlungu tikuchokera kutchalitchi, ndipo thireyi yatsopano ndinagula ndine.

Koma pali mbali imodzi imene sindinachitepo chibwana, ndipo ndi imene yandiululitsa. Wonga umayezedwa ndi muyeso wotchedwa grain. Mu paundi imodzi muli ma grain 7,000, ndipo grain imodzi ndi magalamu 0.065 okha. Sikelo yanga imawerenga mpaka gawo limodzi la magawo khumi a grain. Wonga wolowa m'chipolopolo chimodzi cha .308 sukwana n'komwe magalamu atatu, koma ukayaka umakankha ndi mphamvu yofika ma bar 4,000, pamene tayala la galimoto timalipopa ma bar awiri ndi pang'ono. Zonsezi zimachitika pafupi ndi tsaya lako. Wonga wodziwika bwino kuno ndi wa Somchem, wopangidwa kufupi ndi Somerset West, ndipo mitundu yake imasiyana liwiro la kayakidwe. S335 ndi S365 ndi ya mfuti zazitali ndipo imayaka mwapang'onopang'ono. MP200 ndi wa mfuti zam'manja ndipo umayaka msanga. Wothira wa mfuti yam'manja m'chigoba cha mfuti yaitali amaphulitsa mfuti, nkhope ndi zala.

N'chifukwa chake malamulo a pabenchi sasinthasintha. Pamakhala chitini chimodzi chokha cha wonga. Muyeso umachokera m'buku la opanga wongawo, osati kwa mnzako wa pa WhatsApp. Umayambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, ukuyang'ana zizindikiro: primer akatuluka wophwanthalala, kapena chotsekera mfuti chikayamba kulimba potsegula, waonjeza, bwerera. Usanakhazike mitu umaunika ndi tochi m'chigoba chilichonse, chifukwa chopanda wonga n'choopsanso: primer yekha amatha kukankha mutu n'kuusiya pakati pa mpope, ndipo chipolopolo chotsatira chimakaupeza pomwepo. Usiku wina foni inalira ndili pakati pa ntchito, ndipo nditabwerera sindinakumbuke pamene ndinalekezera. Ndinamasula zonse, chimodzichimodzi, ndi kanyundo kapulasitiki kochotsera mitu, kamene kanagulidwanso. Kuyambira pamenepo foni imatsala kuchipinda, mowa sulowa m'galaja, magalasi oteteza maso amakhala kumaso, ndipo chilichonse chimalembedwa m'kope.

Zotsatira zake zilipo, sindinama. Zipolopolo za m'sitolo zinkagwera pamalo otambalala masentimita anayi pa mtunda wa mamita 100. Zanga zikakhala pa tsiku labwino zimagwera mkati mwa masentimita atatu, chimene akatswiri amachilemekeza chifukwa muyeso wawo wa MOA imodzi ndi pafupifupi mamilimita 29 pa mtunda umenewo. Kapepala ka chandamale ndinakamata pafiriji. Vuto n'lakuti pamalo pamene pali mtima ndi mapapo a nswala m'potambalala masentimita oposa 15. Palibe nswala imene inadandaulapo za zipolopolo za m'sitolo. Ndipo kuti ndipeze sentimita imodzi ija ndinawombera mapepala kuposa mmene ndinawomberera moyo wanga wonse. Chipolopolo chilichonse n'chotchipadi ndi theka, kungoti ndikuwombera kuchulukitsa kasanu.

Malume anga nditawafotokozera pafoni anaseka mpaka kutsokomola. Anandikumbutsa kuti agogo anali ndi gogodera, mfuti yothirira wonga kukamwa, ndipo ankayeza wongawo pachikhatho ndi maso, n'kutsindira ndi kachitsulo, n'kuponyamo chidutswa cha nsimbi. Nguluwe zimene zinkadya chinangwa zinkawadziwa bwino. Ndinayankha kuti wonga wakuda wa masiku amenewo unali wofatsa kusiyana ndi wamakono, zimene n'zoona, ndiponso kuti agogo khutu limodzi silinkamva. Malume anati zonsezo amva, koma akufuna kudziwa kuti nyama ndimatumiza liti.

Mu 2020 ndi 2021 ma primer anasowa pafupifupi dziko lonse lapansi, anthu a ku America atagula zipolopolo mwamantha nthawi ya Covid-19. Ine ndinkayenda sitolo ndi sitolo, ndikapeza ndinkagula ngati kulibe mawa, bola osapyola malire a boma. Apa m'pamene ndinazindikira kuti nawonso akunyumba ali ndi kope lawo. Munali makina, ma die, benchi, tebulo la ana, thireyi, zitsononkho, kansingano, petulo wopitira ku Limpopo ndi ndalama zolipira mwini famu. Anagawa zonsezo ndi makilogalamu a nyama imene inalowadi mufiriji, n'kundionetsa yankho lake pambali pa mtengo wa nyama ya ng'ombe yapamwamba kubutchala. Ndinapempha kuti tiwerengerenso patatha zaka khumi.

Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndigulitse zonse. Iwo anali ataona china. Zaka zonse za ukwati wathu ndakhala ndikudziwika kuti ndine munthu wa bola zatheka. Mashelefu anga amapendama, mchere ndimathira mongoganizira, tsiku lolipira fizi ndimalikumbukira sukulu ikaimba foni. Banja lonse linavomereza kuti ndi chibadwa, ndipo ine chibadwa chimenecho ndinkachisamalira bwino chifukwa chinkandipulumutsa ku ntchito zambiri. Tsopano anali atandiona ndi maso awo nditakhala maola atatu osayankhula, ndikugwetsa kambewu ka wonga kamodzikamodzi pasikelo, ndikulemba tsiku, muyeso ndi nyengo ndi zilembo zooneka bwino.

"Abambo," anatero, "munthu amene amasiyanitsa 51.18 ndi 51.20 sangalephere kuona kuti mpopi wakukhitchini ukudontha. Kudekha muli nako. Mumangotibisira."

Panalibe pothawira. Pangano linamangidwa pomwepo: bokosi lililonse la mitu ya zipolopolo lolowa m'galaja, ntchito imodzi ya panyumba ithe, ndipo ithe ndi muyeso wa m'galaja womwewo. Mpopi unaleka kudontha. Chitseko cha kabati chimene chinalendewera kuyambira mwana wachiwiri ali wakhanda chinaongoka, ndipo ndinachiyeza ndi choyezera zigoba. Geti silikuliranso. Fizi imalipidwa tsiku lisanafike, chifukwa nayo inalowa m'kope.

Posachedwapa zokonza zinatha m'nyumba muno, ndiye ndinayamba kufotokoza mosamala za kachipangizo koyeza liwiro la chipolopolo, kamene munthu wofuna kupulumutsa wonga sangakhale opanda. Akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa mtengo, n'kunena kuti chinthu chachikulu chotero chimafuna ntchito yaikulu, ndipo denga la amayi awo ku Ntcheu likudontha. Laisensi yanga imathera pa Beitbridge, choncho mfuti itsala m'sefa. Pa Khirisimasi ndikupita kwa apongozi ndi nyundo, misomali ya malata ndi tepi yoyezera, ndipo ndauzidwa kale kuti akayendera ntchitoyo ndi tochi.