Mlonda wa tulo agwidwa akuliza mkonono

Mukadandifunsa mwezi wathawu kuti mwana wanga Yamikani amagona mokwanira kapena ayi, ndikadakuyankhani mosaphethira kuti amagona mpaka kupitiriza muyeso. Umboni ndidali nawo. Ikangokwana 9 koloko usiku, mnyamatayo amatsanzika mwaulemu, "Adadi, ndakagona," chitseko n'kutseka, getsi n'kuthimitsa. Ine pampando n'kumadziyamikira chamumtima kuti kulera kokha ndimakutha. Kuno ku Bangwe nthawi imeneyo ana a anzanga amakhala akadali kumsika, makolo awo akuwasaka ndi tochi.

Vuto lomwe ndinkaliona lidali la m'mawa basi. Kudzutsa Yamikani 5 koloko kuli ngati kukankha minibasi yothera mafuta pachitunda. Ukaitana koyamba, zii. Kachiwiri, "mmm." Kachitatu amafika ndi amake, chipande chili m'manja. Matendawa ndidawatulukira ndekha popanda dokotala: ulesi. Ndidanenetsanso kuti ulesi umenewu si wakwathu, ngwakuchikazi. Tsiku limenelo ndiwo zanga zidalibe mchere.

Kenaka kudabwera kalata yochokera kusukulu. Aphunzitsi a Fomu 4 adandikhazika pabenchi n'kundiuza kuti mwana wanga akumasinza m'kalasi, ndipo Lachiwiri adagona mutu uli pabuku la Biology mpaka tsamba lidamatirira patsaya.

"Bambo, mwanayu amagona nthawi yanji?"

"9 koloko, aphunzitsi. Ndimaona ndi maso angawa."

Yamikani adangoti ndwii kuyang'ana nsapato zake.

Madzulo ake kudali bwalo. Agogo ake, omwe adabwera kuchokera ku Thyolo kudzacheza sabata imodzi mwezi wa Ogasiti, adati nkhaniyi njosavuta: mwana wosinza masana ndiye kuti afiti akumamutenga usiku. Amake adati ndi malungo kapena kuchepa magazi. Ine, monga mutu wa banja, ndidati ngati si chamba ndiye ndi chibwenzi. Tidakamuyezetsa malungo, sadawapeze. Agogo adawaza mchere pakhomo. Ine ndidanunkhiza matumba a yunifolomu n'kupezamo khungu la nthochi. Mwiniwake wa tulo adali pomwepo akutsuka mbale, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife adaganiza zomufunsa.

Ndiye ndidadzilemba ntchito yaulonda. Ndidamwa tiyi wopanda mkaka makapu awiri, ndidatenga mpando ndi tochi, n'kukakhala pakhonde la chipinda chake cha m'ma 9:30. Ndidalumbira kuti kaya ndi mfiti, kaya ndi mtsikana, lero tionana.

Ndidadzidzimuka tambala akulira, khosi litapindika, tochi ili pansi, bulangeti lili pamapewa.

"Wandifunditsa ndani?"

"Ndine, adadi. Munkazizidwa."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma 1 koloko."

Apa m'pomwe ndidafunsa funso lomwe ndikadayamba nalo, ndipo mwanayo adamasuka. Akuti 9 koloko amalowadi m'bulangeti, koma tulo sitibwera. Malata amakhala akulavulabe kutentha kwa masana, udzudzu ukuimba kunja kwa neti, kubala lakumtunda nyimbo zikugunda, ndipo m'mutu mukuzungulira MSCE. Akatembenuka mpaka kutopa, amatenga foni. Kumeneko amapeza kalasi yonse ili maso pa WhatsApp, akukambirana mapepala akale a MANEB ndi zina zomwe sadafune kunditchulira, poti bandulo ya usiku njotchipa. Mnzake wina akuti amawerenga mapazi atawaviika m'beseni la madzi ozizira kuti asasinze. Tulo timamupeza Yamikani cha m'ma 1, ndipo 5 koloko chipande chija chafika. Masamu ndidalephera kusukulu, koma apa ndidawerenga ndi zala: maola anayi.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Ndili Fomu 2."

Zaka ziwiri, abale, ine ndikudzitama m'minibasi kuti mwana wanga amagona ngati khanda! Chodabwitsa n'chakuti iyenso sankaona kuti ndi vuto. Mutu kuwawa, kuiwala zomwe wawerenga, kupsa mtima ndi mlongo wake popanda chifukwa, zonsezo ankaziyesa gawo la silabasi, poti anzake onse ali choncho. Nditamufunsa chifukwa chomwe sadandiuzire, adati adayesapo kamodzi, ine n'kumuyankha kuti pamsinkhu wake ndinkalima mizere 50 ndisanapite kusukulu ndipo tulo sindinkatisowa. Pakati pa inu ndi ine, mizereyo idali ngati khumi. Yakhala ikuchuluka chaka ndi chaka.

Mlamu wanga ndi namwino, ndipo Lamulungu atabwera adandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade 1. Akuti m'thupi muli mchere wina wotchedwa melatonin, womwe umatuluka kukada n'kuuza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Mwana akatha msinkhu, melatonin ameneyu amayamba kutuluka mochedwa, mwina ndi maola awiri, choncho kumuuza kuti agone 9 koloko kuli ngati kundiuza ine kuti ndigone nkhuku zikulowa m'khola. Kuwala kwa foni kumangowonjezera kuchedwako. Chikhalirecho, wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Adawonjeza kuti ku America bungwe la madokotala a ana lidalangiza mu 2014 kuti sukulu za achinyamata zisamayambe isanakwane 8:30 m'mawa, ndipo ku California mu 2019 adachita kukhazikitsa lamulo. Ndidaganiza zokawauza ahedi nkhani imeneyi, koma ndidadziwiratu yankho: andifunsa ngati ana a ku California amayamba atunga madzi kumpopi asanakwere minibasi.

Ndinkati nkhani yathera pamenepo, koma Yamikani adakhosomola.

"Pali chinanso chimandisowetsa tulo, azakhali."

Adatulutsa foni n'kuika patebulo. Mudatuluka phokoso ngati chigayo cha dizilo chikukana kulira. Chimati chikabangula n'kuima zii, kenaka n'kuphulika ngati munthu wotsamwa fupa.

"Jenereta ya aneba iyo," ndidatero.

"Ndinu, adadi. Usiku waulonda uja."

Agogo adaseka mpaka mpango udagwa. Amake adati akhala akumvera wailesi imeneyi zaka 19, ndipo nthawi zina ikaima amandigwedeza kuti aone ngati sadasanduke namfedwa. Mlamu yekha sadaseke. Adati kuima kwa mpweyako si nthabwala, ndikaonane ndi adokotala.

Ndidakana kwamtuwagalu. Ine vuto la tulo? Munthu woti ndimagona paliponse! Kutchalitchi ulaliki usanafike pakati ndapita. Pamaliro, pamsonkhano wa makolo, ngakhale pamzere wa kubanki nditatsamira khoma. Sabata yatha kondakitala adachita kundidzutsa ku Limbe minibasi yonse itatsika, ndipo ena anali atayamba kale kukwera yobwerera.

"N'zimenezotu alamu," adatero namwino uja. "Mwana akasinza masana mwati ndi ulesi. Nanga inuyo tizitcha chiyani?"

Ndidati kwa munthu wamkulu kumakhala kusinkhasinkha.

Tidapangana malamulo. Loweruka mnyamatayo asamadzutsidwe mpaka adzuke yekha, tiyi wamadzulo waletsedwa, ndipo ikakwana 9 koloko mafoni onse azilowa m'kabati. Lamulo lomalizali ndidalibweretsa ndine, ndipo ndidalilengeza nditaimirira. Usiku wachiwiri, cha m'ma 11, ndidanyang'ama osavala nsapato kukaona ngati Arsenal yawina. Chitseko cha kabati chimalira. Nditacheuka ndidapeza agogo ali poteropo ndi mchere m'manja, akuti mfiti ija yapezeka.

Pano Yamikani akumagona cha m'ma 11, ndipo aphunzitsi akuti tsaya lake lasiya kumata mabuku. Ine Lachinayi ndikupita kuchipatala, umboni uli m'foni ya mwana. Kiyi wa kabati akusunga ndi iyeyo.