Ulemu Upite kwa Chiwaya

Mwa zitukuko zonse zimene anthu a m'malokesheni akhala akulonjezedwa chisamukireni likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, chimene chafika pakhomo pa aliyense n'chimodzi chokha, ndipo palibe nduna inachidulira riboni: chiwaya. Mayi wa kwa Chinsapo amayenda mtunda ndi ndowa, n'kupeza mpopi ukungotulutsa mpweya; wodwala wa kwa Mgona amakhala pamzere wa kuchipatala mpaka dzuwa kupendeka; koma tchipisi sichilira ulendo. Pasiteji ya minibasi ku Kawale, pakhomo pa bala ku Area 23, pa Biwi Triangle, pamsika wa Nsungwi ku Area 25, paliponse utsi uli tolotolo ndipo mafuta akubwadamuka. KFC ndi anzake anatsata kumene kuli malo oimika magalimoto, pamene chiwaya chinatsata anthu oyenda pansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ukulu wa chiwaya uli pakuti chimadziwa masamu a m'thumba kuposa akadaulo a zachuma. Nyemba zimafuna maola pambaula, makala nawo sakugwirika, ndipo wogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo amachoka mbandakucha n'kubwerako kutada. Kwa munthu wotereyu, kuphika ndi mwanaalirenji. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwaya sichinatseke kapena kuitanitsa msonkhano wa atolankhani. Chinangochepetsa mulu mwakachetechete, n'kuwonjezera kabichi pamwamba kuti maso akhute mimba isanazindikire. Chimadyetsa mlimi wa kachewere wa ku Dedza ndi Ntcheu, wamatola wochoka ku Lizulu, ndi mnyamata wosenda mbatata. Chinakwezanso zonyozeka: mitu ya nkhuku, zipalapasiro ndi nthumbwana, zimene kale zinkasiyidwira ana, lero zili ndi mtengo wake. Tsankho palibe, chifukwa mpando palibe. Watayi ndi wakabaza onse amadya chiimirire, tsabola wake mmodzimmodzi, ndipo onse amapempha basela mosachita manyazi.

Ansanje sangalephere. Amati mafutawo amakazingira mpaka kuda bii, ndipo mchere umathiridwa chamanja pamene bungwe la WHO limalangiza kuti munthu asafike magalamu 5 patsiku. Amatikumbutsanso kuti kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'dziko muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Zonsezi n'zoona, koma akuziwerenga chadodolido. Dziko losowa ndalama zakunja, limene limaitanitsa mafuta ambiri ophikira, liyenera kulemekeza mzika imene sitaya ngakhale dontho. Mafuta a Lolemba akamagwirabe ntchito Lachisanu, kumeneko ndiye kusamala chuma. Za BP ndi shuga, kale ankati ndi matenda a mabwana. Chiwaya chawafikitsa kwa aliyense pamtengo wotsika, ndipo madokotala a pa Kamuzu Central sadzasowa chochita.

Ena amatchula kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, n'kuchititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023, boma n'kuletsa malonda a zakudya zophikaphika m'misewu. Apa chiwaya chinasonyeza kudzichepetsa kwake. Chinasenza mlandu wa zimbudzi zosefukira ndi zitsime zosatetezedwa, popeza kugubuduza chiwaya n'kosavuta kusiyana ndi kuyala mapaipi. Chinabisala pang'ono kuseri kwa mipanda, kenako n'kubwerera popanda kusunga mangawa. Odandaula za mitengo ya ku Dzalanyama aziyamba afunsa kuti magetsi akazima mzinda wonse umaphikira chiyani. Nkhuni za chiwaya chimodzi zimakhutitsa khamu, pamene mbaula iliyonse imasamala banja limodzi. Majumbo opyapyala amene analetsedwa mu 2015 koma akutsekabe ngalande ndi umboni chabe wakuti kasitomala ankathamangira kuntchito, ndipo dziko likufuna anthu akhama otere.

Ngwazi yotere sitingaithokoze ndi pakamwa pokha. Pandalama zathu pali kale John Chilembwe, Rose Chibambo ndi Kamuzu Banda, amene ali pa K5,000 ya mu 2022. Mmene mitengo ikukweramu, ndalama yoposa pamenepo sichedwa kufunika, ndipo a Reserve Bank asadzavutike kufuna nkhope. Adzajambulepo chiwaya, mbatata mulu mbali iyi, nthumbwana mbali inayo. Ndalamayo ikadzatuluka, ndi komweko kumene idzathere ndithu, ndipo chenji sichidzabwerako.